Za Ntchuwa, Bawo ndi Makhadi: Njira Imene Zidadzera Kuno ku Karonga

Nkhani iyi idakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa m'boma la Karonga.

Masabata apitawa takhala tikukambirana za nazale ya mpunga, za kuwokera m'mizere ndi za nkhupakupa za ng'ombe. Lero khasu tiyambe taliika pansi. Mpunga wakololedwa, uli m'matumba, ndipo ino ndiyo nyengo imene anthu amasonkhana patsinde pa mango kusewera. Tsono ndifuna kuti tikambe mbiri ya masewera okhala pansiwa, ndiwo ntchuwa, bawo, drafuti ndi makhadi. Wina afunsa kuti, "Kodi mlangizi wa zaulimi walowa bwanji m'nkhani ya masewera?" Amfumu ndiwo angamuyankhe, pakuti ndiwo amaweruza mlandu wa munthu amene adapita ku Kaporo ndi matumba a mpunga nabwerako chimanjamanja. Masewera amenewa sali ofanana ayi, ndipo kusiyana kwake kumaoneka bwino tikadziwa njira imene adadzera.

Tiyambe ndi ntchuwa, pakuti ndiyo yakale. Ntchuwa siifuna mmisiri kapena ndalama. Munthu amakumba timaenje pa dothi louma, mizere 4, natola timiyala kumtsinje, basi masewera ayambika. Aliyense ali ndi mizere iwiri ya mbali yake. Amatapa miyala ya m'dzenje limodzi nayenda nayo, kugwetsa umodziumodzi m'maenje otsatana, monga momwe mayi amagwetsera mbewu m'mapando. Mwala wotsiriza ukagwera m'dzenje momwe muli ina, amatapanso yonseyo napitirira ulendo. Ukagwera m'dzenje lopanda kanthu ulendo wathera pomwepo, ndipo ngati dzenjelo lili mumzere wakutsogolo napenyana ndi miyala ya mnzake, miyala imeneyo yadyedwa, ichotsedwe. Malamulo ang'onoang'ono amasiyana mudzi ndi mudzi, kotero kuti mlendo wanzeru amayamba wafunsa kuti, "Kuno mumadya bwanji?" Anthu akachuluka amangoonjeza maenje, mizere nitalika, mbali iliyonse nikhala ndi anthu awiri kapena atatu othandizana.

Masewera ofesa miyala m'maenjewa ndi akale ndithu mu Africa. Anthu ofukula zinthu zakale adapeza timaenje totere pa mapale ndi pa matanthwe ku Matara m'dziko la Eritrea ndi ku Yeha m'dziko la Ethiopia, ndipo amati tidapangidwa pakati pa zaka za 500 ndi 700. Mfalansa wina dzina lake Étienne de Flacourt, amene adakhala pa chisumbu cha Madagascar, adalemba m'buku lake la 1658 kuti anthu akumeneko ankasewera pa mizere 4 monga ife. Anzathu a ku Zambia amati nsolo, Ashona a ku Zimbabwe amati tsoro, Aganda a ku Uganda amati omweso. Mitundu yotalikirana chotere, ina ya kumapiri, ina ya kuchigwa, yonse ili nawo masewerawa ndi dzina la m'chinenero chake. Chimenechi chisonyeza kuti ntchuwa sitidachite kugula kwa mlendo wamalonda. Idayenda ndi makolo pamodzi ndi khasu ndi mbewu.

Bawo ndi mbale wake wa ntchuwa, koma mbale wokulira kunyanja yamchere. Dzina lomwelo likuulula kwawo. Pa Chiswahili mawu akuti bao atanthauza thabwa. Mvetserani bwino akuluakulu akamasewera, mudzamva mawu akuti kutakata ndi mtaji. Amenewanso ndi mawu a Aswahili a ku Zanzibar, ku Kilwa ndi ku Mombasa. Ku Mombasa komweko mlakatuli wotchuka dzina lake Muyaka adalemba ndakatulo yonena za bawo m'zaka za m'ma 1820, nthawi imene kuno kunali kusanafike Mzungu ndi mmodzi yemwe.

Nanga idafika bwanji m'mbali mwa nyanja yathu ino? Idatsata njira imene nsalu, mikanda, mfuti ndi onga zidatsata pobwera, njira yomweyo imene minyanga ya njovu ndi akapolo adatsata popita. Ayao ankayenda maulendo a ku Kilwa kuyambira kalekale, ndipo mpaka lero akatswiri ambiri a bawo ali ku Mangochi ndi ku Machinga. Ku Nkhotakota kudakhazikika Mswahili Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840, ndiye Jumbe woyamba, namanga zombo zowolokera nyanja. Kumene kudakhala anthu amenewa nthawi yaitali ndi kumene bawo idazika mizu.

Kuno kwathu nkhani yake ndi yowawa, ndipo ndiinena monga idaliri. Angonde adakhala m'chigwa chino zaka mazana angapo pansi pa ufumu wa Kyungu, umene likulu lake loyamba lidali paphiri la Mbande. Alendo oyamba amene adalemba za dziko lino adazizwa ndi ukhondo wa midzi, nthochi zozungulira nyumba ndi kuchuluka kwa ng'ombe. Koma Karonga ali pamphambano. Katundu wochokera kunyanja ya Tanganyika ndi kuchigwa cha Luangwa ankatsikira pano kuti akwere zombo. M'chaka cha 1881 Azungu adayamba kulambula msewu wa Stevenson wochokera ku Karonga kulinga kunyanja ya Tanganyika, ndipo mu 1884 kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala, idatsegula sitolo yake pano pansi pa Monteith Fotheringham, yogula minyanga. Malonda a minyangawo ndiwo adakoka Mlozi, Mswahili amene ankachita malonda kuchigwa cha Luangwa. Iye adamanga linga lake ku Mpata m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, ndipo anzake Kopakopa ndi Msalemu adamanga malinga awo chapafupi. Poyamba adabwera mwaulemu, kupempha malo monga alendo. Koma mu 1887 adatembenukira eni dziko, natentha midzi, Mlozi nadzitcha Sultani wa Angonde. Anthu ambiri adathawira m'mabango a ku Kambwe. Adani adayatsa moto mabangowo. Ena adapsa, ena adawomberedwa potuluka, ena adagwidwa ndi ng'ona m'madzi. Palibe Mngonde amene sadziwa dzina la Kambwe.

Nkhondo ya Mlozi ndi anthu a Mandala idatha zaka ziwiri popanda wogonja. Mu 1888 Kaputeni Frederick Lugard adalasidwa mikono yonse iwiri pa linga la Kopakopa. Mu Okutobala 1889 Harry Johnston adapangana naye mtendere Mlozi, koma kugwira akapolo sikudaleke. Pomaliza, mu Disembala 1895, Johnston adabwera ndi asilikali ndi mizinga, linga la ku Mpata lidagwa, Mlozi adaweruzidwa pamaso pa mafumu a Angonde napachikidwa, ndipo akapolo mazana angapo adamasulidwa.

Tsono taganizani. Malinga aja adaima zaka pafupifupi 10, odzaza ndi anthu a kunyanja yamchere, Anyamwezi onyamula mfuti, akapolo, ndi Ahenga amene adagwirizana nawo. Munthu wodikira ulendo wa minyanga miyezi itatu amatani usana wonse? Ine ndikhulupirira kuti thabwa la bawo lidalowa m'chigwa chino pa zipata zimenezi ndi pa madooko a zombo, ndipo pambuyo pake amalinyero a sitima zapanyanja, asodzi, ndi asilikali a Chiyao adalilimbikitsa. Linga lidagumulidwa, mwini wake adafa imfa yoyenera ntchito zake, koma masewera adatsala. Makolo athu adachita nawo monga adachitira ndi mango ndi mpunga wa faya, zimene zidadzanso ndi alendo a kum'mawa: adasunga chokoma, nataya mwini wake. Ndipo sadavutike kuphunzira, pakuti dzanja lozolowera ntchuwa lidali litadziwa kale kufesa.

Thabwa lina la bawo limene anthu ophunzira amaliwerengera pakati pa akale koposa lili ku British Museum mumzinda wa London, ndipo lidachokera m'dziko lathu lino cha m'ma 1896. Mu 1913 dotolo wa Boma, Meredith Sanderson, adalemba malamulo a bawo, nsolo ndi masewera ena a kuno m'magazini ya anthu ophunzira a ku London. Dotolo yemweyo adawadziwa bwino anthu a kuno kumpoto, pakuti mu 1923 adalembanso za chibale cha Angonde ndi Ahenga.

Kwa amene sadasewerepo, ndifotokoze pang'ono mmene bawo iliri. Thabwa lili ndi mizere 4, mzere uliwonse maenje 8, onse pamodzi 32. Njere, zimene ena amazitcha nkhomo, zilipo 64, munthu aliyense 32. Mumzere wakutsogolo muli dzenje limodzi la ngodya zinayi, losiyana ndi anzake ozungulira. Limeneli ndilo nyumba. Poyamba njere sizilowa zonse m'thabwa. Ku Zanzibar amaika 6 m'nyumba, ziwiriziwiri m'maenje awiri a kudzanja lamanja kwa nyumbayo, 22 nizitsala m'manja. Kuno ku Malawi timaika 8 m'nyumba, m'manja nimutsala 20. Mwaona kuti ngakhale lamulo tidalikonza mwathumwathu. Nthawi yako ikafika umaponya njere imodzi ya m'manja m'dzenje lako lakutsogolo momwe muli kale njere, ndipo ngati dzenjelo lapenyana ndi la mnzako lokhala ndi njere, wadya. Pakasowa podya umatakata, ndiko kufesa zako zokha osadya kanthu. Za m'manja zikatha masewera alowa mu mtaji, pomwe umatapa dzenje lathunthu ndi kuyenda nalo. Wagonja ndi iye amene mzere wake wakutsogolo wauma, kapena amene alibenso poyenda.

Pali zinthu ziwiri m'bawo zimene zimandikondweretsa ine monga munthu wa zaulimi. Choyamba, njere zimene wadya suziika m'thumba monga pa ntchuwa. Umazifesanso pomwepo mumzere wako, kuyambira kumutu kwa mzere, ndipo zimenezo ndizo zimakudyera zina. Chachiwiri ndi nyumba ija. Nyumba ndi nkhokwe. Njere zimaunjikana m'menemo, ndipo katswiri amaisunga kufikira nthawi imene kuitsegula kudzasesa mzere wa mnzake. Wophunzira amaitsegula msanga chifukwa cha phuma, kapena amaisunga mopitirira mpaka mnzake amudyera yonse. Alimi a ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya, kodi nkhani imeneyi ndi yachilendo kwa inu? Wina amagulitsa mpunga wonse sabata yokolola pamene mtengo uli pansi, wina amausunga m'nyumba yodontha mpaka anankafumbwe amugawana nawo.

Ndipo dziwani kuti m'bawo mulibe mwayi ngakhale pang'ono. Njere zonse zili poyera, palibe chobisika, palibe choponya kuti chigwe mmene chifunira. Wopambana wapambana chifukwa adawerenga patali kuposa mnzake. Ndicho chifukwa chake bawo siikoma kwenikweni kwa munthu wofuna kubetcha: iye amadziwiratu kuti mkulu uja wa ku Ngerenge amudya lero, mawa ndi mkuja.

Makhadi adadzera njira ina, ndiponso mochedwa. Adayambira ku China, nafika ku Egypt, ndipo adalowa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1370. Kuno adabwera ndi Azungu ndi masitolo a Amwenye, koma chimene chidawafalitsa m'midzi ndi ndalama. Boma la Atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna adayamba kuchoka pamudzi kukafuna mashilingi. Nkhondo yaikulu yoyamba idafika pakhomo pathu penipeni: pa 9 Sepitembala 1914 Ajeremani owoloka Songwe adamenyana ndi Angerezi pano pa Karonga, ndipo manda a ena mwa akufawo alipo mpaka lero. Zaka zinayi zotsatira chigwa chino chidadzaza ndi asilikali ndi amtengatenga. M'zaka za m'ma 1930 anyamata ambiri a kuno adapita ku migodi ya golide ya ku Lupa m'dziko la Tanganyika, ena ku migodi ya mkuwa, ena ku Johannesburg ndi Wenela. M'misasa ndi m'makomboni amenewo mudali amuna okhaokha, kutali ndi akazi awo ndi mafumu awo, malipiro ali m'thumba, Lamulungu lonse opanda chochita. Paketi ya makhadi 52 imalowa m'thumba la malaya, pamene thabwa la bawo lifuna phewa. Pobwera kumudzi adatenga njinga, bulangete, jekete, ndi paketi ija.

Mawu akuti juga amene timatchula kubetcha ndalama akuganiziridwa kuti adachokera ku Chipwitikizi, kumene jogar ndi kusewera kapena kubetcha. Kwa ife adasanduka dzina la chinthu chopasula mabanja. Sindikunena kuti pepala lojambulidwa mfumu ndi mfumukazi lili ndi tchimo. Ana ndi amayi awo akhoza kusewera makhadi madzulo, aja oponya khadi lofanana maluwa kapena nambala ndi limene lili pansi mpaka wina atsirize ake, naseka onse, nagona bwino. Koma khadi limabwera chafufumimba, munthu osadziwa chimene atole, ndipo pamenepo ndi pamene juga imalowera. Wosadziwa kanthu akhoza kudya katswiri kamodzi, ndipo kamodzi kameneko ndi nyambo. Amati, "Dzulo ndidadya, lero ndidyanso." Akaluza amati, "Ndibweze zanga zokha, kenaka ndinyamuke." Dzuwa likamalowa thumba la mpunga lapita, mawa lake njinga, ndipo mwezi wa Disembala alibe ndalama ya feteleza kapena yolipira ng'ombe zolimira.

Za drafuti sindinena zambiri. Idadza ndi Azungu, nifala m'masukulu, m'magulu a asilikali ndi pa makonde a masitolo. Thabwa lake lili ndi timabwalo 64, aliyense ana 12, ndipo zitsekerero za mabotolo zimakwanira, wina zoyang'ana kumwamba, wina zovundikira. Mulibe mwayi monga m'bawo momwe, ndipo lamulo lake munthu amaligwira tsiku limodzi.

Tsono funso limene limabuka pamudzi ndi ili. Kwabwera mlendo, kapena mkamwini watsopano, kapena mwana wochokera kusukulu, munthu amene amasewera mwa apo ndi apo. Kodi timuikire chiyani patsogolo? Anthu ambiri amatulutsa makhadi, poti ndiwo apafupi kuphunzitsa. Ine ndikuti muikireni ntchuwa. Lamulo lake limatha kufotokozedwa madzi a tiyi asanawire. Agogo aakazi amaidziwa, mwana wa zaka 7 amaitha, ndipo mwanayo akuphunzira kuwerenga osadziwa kuti ali pasukulu. Mukatalikitsa mizere, mlendo amakhala mbali imodzi ndi mwini nyumba, kunong'onezana, kotero kuti akagonja sagonja yekha.

Akaizolowera ntchuwa, mubweretseni pa thabwa, koma musayambe ndi bawo yathunthu. Aswahili eni ake ali ndi bawo ya ophunzira. Amaika njere ziwiriziwiri m'maenje onse 32, osasiya kanthu m'manja, ndipo nyumba amaiyesa dzenje wamba. Motero wophunzira amayamba wadziwa kufesa, kudya ndi kufesanso zimene wadya. Za nyumba ndi za njere za m'manja zidzabwera pambuyo. Pano ndiwadzudzule pang'ono akatswiri athu. Alipo akuluakulu ena amene mnyamata akakhala pa thabwa amamusesa m'kanthawi kochepa, manja akuthamanga ngati mphepo ya mwera, anthu oonerera nkumaseka. Mnyamatayo sabweranso. Amapita kuseri kwa sitolo kumene makhadi amamulandira bwino, pakuti kumeneko wosadziwa ndiye amafunidwa. Mkulu wotere wapambana masewera amodzi, koma adzasowa wosewera naye akadzakalamba. Yendetsani dzanja pang'onopang'ono, werengani mokweza kuti aone pamene njere yotsiriza igwere, ndipo akaponya molakwa muloleni abweze kamodzi kapena kawiri.

Anansi athu a kutsidya kwa Songwe adaiona nkhaniyi msanga. Mu 1966 adakhazikitsa bungwe la bawo lotchedwa Chama cha Bao, ndipo mtsogoleri wawo woyamba, Julius Nyerere, ankasewera bawo iye mwini, osachita nayo manyazi pamaso pa alendo a maiko akutali.

Kwa inu mafumu ndi nyakwawa, kuyambira kwa Mwakaboko ndi kwa Kilupula mpaka kwa Wasambo ndi kwa Mwirang'ombe, pempho langa ndi laling'ono. Pabwalo panu pakhale thabwa limodzi la mudzi, losungidwa ndi munthu wodziwika, loti aliyense akhoza kulipempha. Likhale poyera pamene anthu amadutsa, pakuti juga imakonda kuseri. Mugwirizane ndi anthu anu kuti thabwalo lisatuluke m'mawa nthawi yolima ndi yowokera. Bawo nayonso ikhoza kudya munda ngati munthu aiyamba tambala atangolira. Ndipo masiku ogulitsa mpunga muike maso pa anthu achilendo amene amafika pamsika opanda thumba, opanda sikelo, atangonyamula timakhadi titatu ndi kansalu koyala pansi. Amenewo si osewera. Amene akuoneka ngati akupambana pafupi nawo ndi anzawo a ulendo umodzi.

Thabwa lenilenilo silivuta. Musagwetse mtengo wamoyo chifukwa cha bawo. Chidutswa cha mlombwa kapena mbawa chotsala kwa mmisiri wa mipando chikwanira, bola chikhale chouma bwino kuti chisang'ambike. Maenje akhale otakasuka moti zala zinayi zilowe ndi kutapa njere 12 nthawi imodzi, ndipo pakati pa dzenje ndi linzake pasakhale popyapyala, chifukwa pamenepo ndi pamene pamayamba kusweka. Mukalisema, likwecheni ndi mchenga wosalala wa kunyanja, mulipake mafuta pang'ono, ndipo mulisunge mopachika kuti chiswe chisalipeze. Njere zikasowa, timiyala tofanana kukula ta mumtsinje wa Rukuru tigwira ntchito, koma muziwerenge pomaliza masewera, zikwane 64, pakuti ana amakonda kutola za legeni.

Sabata yamawa tidzabwerera ku ng'ombe, tidzakambe za msipu wa m'chilimwe ndi kusunga mapesi a mpunga.